Dzanja la a Ngozo, Wogawa Madzi Athu

Bungwe la Alimi a Mpunga la Patsanya
Kasinje, Ntcheu

Kwa mayi Lufina Kamtedza, Nambewe. Kwa mwana wawo Chifuniro. Kwa abale a kumapiri ndi a kuno ku chigwa. Kwa mamembala onse a bungwe lino, ndi kwa aliyense amene amve uthengawu ukuwerengedwa m'tchalitchi kapena pamsonkhano.

Ndi chisoni chachikulu, ndiponso ndi mitima imene sinakhazikikebe, ife a Bungwe la Alimi a Mpunga la Patsanya tikudziwitsa anthu onse za imfa ya bambo Silvester Kamtedza, a Ngozo, wogawa madzi m'sikimu yathu ya mthirira, amene adatisiya sabata yatha atavutika ndi khansa ya m'mimba. Ngakhale tinkadziwa kuti thupi lawo lafooka, uthenga wa imfa yawo udatidzidzimutsa, pakuti munthu amene mwazolowera kumuona m'mbali mwa ngalande m'mawa uliwonse, khasu paphewa, buluku atapinda mpaka m'mawondo, simumuganizira kuti tsiku lina madzi adzayenda iye kulibe.

Uthenga wa chipepeso suyenera kutalika, koma uno utalikirako, ndipo tikupempha kuti muumve mpaka kumapeto. Pamaliro a a Ngozo anthu adabwera ochuluka, nyimbo zidaimbidwa bwino, abale awo a kumapiri adawalira ndi kuwatamanda m'mawu a Chingoni monga mwa mwambo wa makolo awo. Koma pamene mzere wa opepesa unkadutsa pomwe adakhala Nambewe, ambiri adangowerama chapatali, manja ali kumbuyo. Mbale za pakhomo paja, zimene zidatulutsidwa kuti anthu adyeremo, zidabwerera m'nyumba zili zouma. Lero mbande za Nambewe zakwana kuwokera, ndipo mwa mwambo wathu wowokerana, lero kwa uyu mawa kwa uyo, Lachiwiri likubwerali ndi la ndime yawo; koma kupatula ife a komiti, amene manja athu ochepa sangamalize ngakhale theka la ndimeyo, palibe amene wafika pakhomo kudzanena kuti, “Mayi, tidzabwera.” Mbande sizidikira kuti mantha a anthu athe. Zikapitirira pa nazale zimakalamba, ndipo mayi wamasiye amene wataya dzinja lino alibe pena poti adzatape chakudya cha chaka chamawa.

A Ngozo sadabadwire kuno ku chigwa. Adatsika kumapiri, kwa anthu olima kachewere ndi chimanga, kudzakhala chikamwini kwa a Mbewe, ndipo akuluakulu amakumbukabe m'mene tidawasekera tsiku lawo loyamba m'ndime ya mpunga, akunyamula mapazi ngati tambala m'matope. Mkamwini wosekedwayo ndiye tidadzamusankha kukhala wogawa madzi, ndipo chifukwa chake tisabise: adalibe mlongo, mphwawo kapena malume kuno woti angamukondere. Pa zaka zambiri zimene adagwira ntchitoyi adatsogolera kukumba ngalande ya kumunsi, imene idafikitsa madzi ku ndime zomwe kale zinkangomva kuti kumtunda akuthirira. Chaka chimene madzi osefukira adagumula khoma la ngalande yaikulu adayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa anthu, mpaka khomalo lidaimanso mbande zisanaume. Adathetsa khalidwe lotseka ngalande ndi zinyalala pofuna kuba madzi a mnzako. Ndipo ndi iwo amene adatiphunzitsa kuwokera m'mizere ndi chingwe, ife tikudandaula kuti chingwe n'chochedwetsa, mpaka zokolola zidatitseka pakamwa.

Koma chimene tidzawakumbukire koposa ndi dzanja lawo. Anthu a mpunga amakondana chaka chonse, koma madzi akachepa m'ngalande ubale umachepa nawo, ndipo pa geti lalikulu lotsegulira madzi pamamveka mawu amene sangabwerezedwe m'tchalitchi. A Ngozo ankamvetsera uku ndi uku osadula munthu, kenaka n'kunena kuti madzi apita kwa yani choyamba. Akatero ankagwira dzanja la uyu ndi la uyo, n'kuwaphatikiza pakati pa zikhato zawo, osawasiya mpaka mmodzi aseke. Kuno tikati, “Nkhani yalowa m'dzanja la a Ngozo,” ndiye kuti yatha, woiyambitsanso ndi wopanda ulemu. A Benson Chimkwita, amene ndime yawo ili pafupi ndi geti, ndipo liwu lawo limamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje, adalowa m'dzanjali kangapo pachaka, moti a Ngozo ankawaseka kuti zala zawo amazidziwa kuposa za akazi awo.

Matenda adayamba mwakachetechete, nyengo yokolola ya chaka chatha. Woyamba kuona adali Nambewe. Khungu la kumbuyo kwa khosi la amuna awo lidada kwambiri kuposa kale, lidakhuthala, ndipo polikhudza linkamveka lofewa mwachilendo.

“A Ngozo,” adatero Nambewe, “kodi madzi aja mumangogawira anzanu, inu osatsalako osamba?”

A Ngozo adaseka, natenga chinkhupule ndi sopo. Adakhula mpaka khosi lidawawa, koma chimene ankachiyesa litsiro sichidachoke. Posakhalitsa m'khwapa namonso mudada chimodzimodzi. Pamsana padabuka tinthu tonga njerewere, osati kamodzikamodzi monga zimabwerera ndi ukalamba, koma tambirimbiri pa nthawi yochepa, toyabwa kosagonetsa. Kenaka zikhato zidayamba kukhuthala ndi kuchita timizere tozama, mpaka zidaoneka ngati m'kati mwa chifu cha mbuzi. Mlimi wa mpunga sadabwa ndi manja okhakhala, pakuti matope ndi khasu ndiwo mafuta athu; koma izi a Ngozo adadziwa kuti si za khasu.

Apa ndi pomwe mtima wawo udawasokeretsa. Ali mwana kumapiri kuja, kudali bambo wina wodwala khate amene ankakhala yekha kuseri kwa mudzi, chakudya chake chikuikidwa pamwala. A Ngozo atayang'ana zikhato zawo adamukumbukira bambo uja, ndipo mlandu adauweruza okha, osamva mbali ina, chinthu chimene pa geti sadachitepo ndi kamodzi komwe. Adayamba kuvala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa la kuno ku chigwa liswe mtengo, kolala atamanga mabatani mpaka pammero, manja ali m'matumba. Sadauze munthu, ngakhale abusa.

Tsiku lina m'chilimwe, madzi atachepa, a Benson adakangana ndi mnansi wawo pa geti. A Ngozo adamvetsera monga mwa masiku onse, naweruza bwino lomwe. A Benson adatambasula dzanja, mnansi wawo naye adatambasula lake, koma a Ngozo adangoima, manja ali m'matumba.

“Zatha, a Benson. Pitani mukathirire.”

“Zatha bwanji dzanja lili m'thumba?” adafunsa a Benson. “Kodi ifeyo tayamba kununkha liti, a Ngozo?”

A Ngozo adangoyang'ana madzi. Madzulo a tsiku lomwelo sikimu yonse idali itamva kuti mkamwini uja wayamba matama. Ena adati udindo wamukwera m'mutu, ena adati akusunga chakukhosi, ena adati anthu a kumapiri ndi momwemo, amangodikira nthawi. Kwina kulikonse munthu wosapereka moni wa m'dzanja akadangomuyesa wotopa. Kuno, kumene dzanja lawo lidali chidindo cha mtendere, kulibisa kudali ngati kutukwana sikimu yonse. Anthu adabwezera. Wosapereka moni sapatsidwa moni, ndipo a Ngozo, amene adabisa manja pofuna kuteteza anzawo, adayamba kudutsidwa panjira ngati chitsa. Patapita nthawi wina adawaona akukweza geti, manja ali poyera, ndipo nkhani idasintha: si matama, ndi khate. Amene ankawadutsa mokwiya adayamba kuwalambalala mwamantha.

Pamenepo a Ngozo adanyamula mphasa, bulangete, mbale imodzi ndi kapu imodzi, nasamukira m'chisakasa choingitsira mbalame, kumapeto kwa ndime yawo. Nambewe adawatsata akulira.

“Bambo a Chifuniro, kodi ndalakwanji ine? Ngati ndi matenda, tiyeni kuchipatala. Ngati n'kufa, tifere m'nyumba ngati anthu.”

“Nambewe, ine kuno ndine wobwera,” adayankha a Ngozo. “Abale anu adandipatsa malo, adandipatsa inu. Ndikakupatsirani nthenda imeneyi, ndidzawayang'ana ndi nkhope yanji? Chakudya muzingoika pamzere wa m'malire a ndime apo, ine ndizitenga. Kuchipatala akakaitchula dzina lake, ndiye kuti ngakhale madzi anga anthu adzawakana.”

Umo ndi m'mene wogawa madzi wathu adakhalira miyezi ingapo. Ankatsegula mageti anthu asanatsike kumunda, n'kudzatseka anthu atakwera kumudzi, kuti asakumane ndi munthu. Madzi ankafika m'ndime iliyonse pa nthawi yake, osaphonya ngakhale ya amene ankawanena, koma mwini dzanja osaoneka. Masana ankakhala pakhomo pa chisakasa, akumva kuseka kwa anthu kutsidya kwa ngalande, akuzindikira mawu a aliyense, popanda mmodzi wowaitana. Lamulungu belu likalira ankaima, n'kuvula chipewa, n'kuimba okha nyimbo imene ankaganiza kuti ikuimbidwa. Nambewe ankabwera ndi chakudya, n'kukhala pamzere kutsidya kwa ndime, ndipo anthu awiri amene adadyera mbale imodzi kuyambira unyamata wawo ankacheza mofuula ngati oyendetsa ngolo ziwiri. Kunyumba nako mayi adali okha, pakuti anzawo opita nawo kumjigo adayamba kusintha nthawi. Ndi zowawa kuzilemba, ndipo zidali zowawa koposa kuzikhala.

Mbale idayamba kubwerera ndi chakudya. A Ngozo ankati akangodya pang'ono akhuta, ndipo m'mimba munkawawa cha kumtunda, pafupi ndi mtima. Lamba adaboolanso mabowo atsopano. Nambewe ankayesa kuti ndi maganizo, pakuti ndani angadye bwino ali yekha? Potsiriza adaimbira foni mwana wawo Chifuniro, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, namuuza zonse zimene bambo ake adaletsa kunena. Chifuniro adafika, sadaime pamzere, adawoloka ndime ndi nsapato zake za m'tauni mpaka pachisakasa.

“Ababa, mukakana kupita kuchipatala, ine ndigona momwemuno, ndidyera mbale yanuyo.”

Mawa lake adapita ku chipatala chaching'ono cha kwathu kuno. Dokotala wa kumeneko adawauza kuti atulutse manja, ndipo a Ngozo adawatulutsa ngati munthu wopereka katundu wakuba. Dokotalayo adawagwira manja onse awiri, kuwatembenuza, kuwayesa ngati akumva kukhudza, kuyang'ana khosi, m'khwapa ndi msana, kenaka adafunsa funso limene a Ngozo sadaliyembekezere: “Bambo, nanga m'mimba mukumva bwanji? Mukudya?” Atamva yankho adati, “Ili si khate. Koma khungu lanuli likutiuza kuti tiyang'ane m'kati, ndipo tisachedwe.” Adawatumiza ku chipatala cha boma, kumene adawatumizanso ku chipatala chachikulu. Kumeneko adawaunika m'mimba ndi kachipangizo kolowetsa kukhosi, napeza chotupa cha khansa chimene chidali chitafalikira kale. Madokotala adauza banja kuti khungu lija silidali nthenda yeniyeniyo, lidali mthenga chabe, ndipo kuti akadabwera pamene khosi ndi zikhato zidayamba kusintha, mwina pakadakhala mpata wochotsa chotupacho.

Chifuniro watiuza kuti bambo ake adamva mawu akuti khansa osagwedezeka. Funso lawo lidali limodzi lokha.

“Adokotala, ndiye kuti sizipatsirana?”

“Ayi, bambo. Ngakhale mutagwirana chanza, ngakhale mutadyera mbale imodzi, palibe angatenge.”

A Ngozo adatembenukira kwa akazi awo, natambasula manja onse awiri pabulangete la chipatala.

“Nambewe, moni.”

“Mwachedwa nawo moni wanuwo, a Ngozo,” adatero mayi, akuseka ndi kulira pamodzi, ndipo manjawo sadawasiye mpaka nthawi yoona odwala itatha.

Adabwerera kumudzi ndi mankhwala ochepetsa ululu, nalowanso m'nyumba mwawo. Masiku amene mphamvu zidalola ankakhala pakhonde, malaya a manja aafupi, zikhato zili pamawondo choyang'ana kumwamba, kudikira odutsa. Mawu a madokotala adalengezedwa, koma mphekesera idali itazika mizu, ndipo choonadi chobwera mochedwa chimayenda pansi pamene bodza lidakwera njinga. Anthu ankapereka moni ali pamsewu. A Ngozo adatumiza uthenga kwa a Benson wakuti, “Bwerani, tili ndi nkhani ya pa geti imene sidalowe m'dzanja.” A Benson adabwera, adafika pamtengo wa mango wa pabwalo, adakhala pamenepo nacheza nawo mwaulemu, koma mapazi sadawalole kufika pakhonde. Potsanzikana a Ngozo adangoti, “Zikomo pobwera, achimwene. Madzi a Lachisanu ndi anu, musaiwale.” Sitikutchula a Benson kuti tiwachititse manyazi, pakuti iwo adafika pamtengo wa mango pomwe ambiri sadafike n'komwe. Tikuwatchula chifukwa ndi nkhani yokhayo imene a Ngozo adapita nayo isanathe.

Banja latipempha kuti imfa iyi isangokhala ya misozi, ndipo tikupereka kwa inu zimene madokotala adalifotokozera. Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, khansa ya m'kati mwa thupi, makamaka ya m'mimba, imayamba kuonekera pakhungu munthu asanamve ululu uliwonse: khosi ndi m'khwapa kuda ndi kukhuthala mofulumira kwa munthu wamkulu, zikhato kukhuthala ndi kuchita timizere, tinthu tonga njerewere kubuka tambiri nthawi imodzi, kuyabwa kosadziwika chiyambi, makamaka ngati munthuyo akuwonda kapena akukhuta msanga. Si khosi lakuda lililonse limene lili khansa, ayi. Nthawi zambiri zimachokera ku zina, monga kunenepa kapena matenda a shuga, choncho tisayambe kuyang'anana m'makosi patchalitchi n'kumaweruzana. Koma wosiyanitsa izi ndi dokotala, osati mnansi, osatinso mwini thupi ali yekha m'chisakasa. Ngakhale khate lenilenilo lili ndi mankhwala masiku ano, ndipo limachizika. Mukaona kusintha kwachilendo pakhungu lanu kapena la mnzanu, musabise m'thumba, musakhule ndi chinkhupule. Pitani akakuoneni kukadali m'mawa.

Tsono kwa inu Nambewe, kwa iwe Chifuniro mwana wathu, ndi kwa abale onse a kwa Ngozo ndi a kwa Mbewe, m'malo mwa komiti ndi mamembala onse a bungwe lino tikuti pepani, pepani ndithu. Mwataya mwamuna wofatsa ndi bambo wachikondi, amene ngakhale kulakwitsa kwake kudachokera m'kufuna kukutetezani. Ife tataya munthu wachilungamo amene adatitumikira mokhulupirika pamene tinkamukonda, natitumikirabe pamene njira yake idamera udzu. Mulungu, amene saopa kukhudza munthu aliyense, awalandire a Ngozo ndi manja awiri, awapumitse kumene kulibe ululu kapena kusungulumwa. Ndipo inu otsala akupatseni mphamvu, akugwirizizeni m'masiku ovutawa, pamene anthu a pamaliro abalalika ndipo nyumba yakula.

Kwa mamembala athu, akuluakulu adati maliro n'kulirana, ndipo kulirana sikuthera kumanda. Lachiwiri m'mawa Nambewe adzaima pamzere wa ndime yawo, pafupi ndi chisakasa chija. Aliyense wobwera, asanatsike m'madzi, ayambe wawapatsa moni wa m'dzanja; masana tidzasamba m'manja m'beseni limodzi, ndi kudyera m'mbale zomwe zija zidabwerera zouma. Palibe chindapusa kwa wosabwera, pakuti a Ngozo sadalipiritsepo munthu, ndipo ife sitiyamba lero.

Dzulo ife a komiti tidapita kukawauza mayi za dongosololi. Tidawapeza pakhonde ali okha, akupeta mpunga, mpando wa a Ngozo uli pomwe udali. Adatimvetsera mpaka kumapeto, adathokoza, ndipo pamene tinkanyamuka adatiitana ndi mawu apansipansi.

“Amayi a pampando, ndiye ndiphike mpunga wa anthu angati?”

Yankho lake lili ndi inu.

Ndine wanu m'chisoni chimenechi,

Maness Kadzakumanja
Wapampando, Bungwe la Alimi a Mpunga la Patsanya
m'malo mwa komiti ndi mamembala onse